Seva ya imelo yathuyathu: tiyiike mu ofesi ku Senga Bay kapena ayi?

Chikondi: Akuluakulu moni nonse pa gulu. Ndabwera ndi nkhani ya ku ntchito. Loji yomwe ndimasamalira makompyuta ake kuno ku Senga Bay imalipira imelo mwezi ndi mwezi mu madola, ndipo mtengo amawerengera pa munthu aliyense amene ali ndi bokosi lake. Chitsitsireni kwacha mu Novembala 2023, pomwe dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, abwana akungodandaula, ndipo miyezi ina khadi ya ku banki siidutsa n'komwe. Ndiye akuti mu ofesi muli kompyuta yakale yongokhala, ndiyikemo seva ya imelo, yolandira, kusunga ndi kutumiza makalata athu tokha, tisiye kulipira. Linux ndimaidziwa pang'ono. Zingatheke kodi?

A Kamwendo: Zimatheka achimwene. Koma musanagwire kompyutayo, intaneti ya pa lojipo ndi yotani? Waya kapena rauta ya simu khadi?

Chikondi: Rauta ya simu khadi. Abwana akuganiziranso zogula Starlink.

Tadala: Achimwene Chikondi, lowani mu rautayo muone adiresi ya IP, nambala yomwe rautayo imadziwika nayo pa intaneti, yomwe yalembedwa pa WAN. Kenako tsegulani tsamba lililonse lomwe limakuuzani IP yanu pa intaneti, mufananize ziwirizo. Ngati zikusiyana, makamaka ngati ya pa rauta ikuyamba ndi 10 kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti muli kuseri kwa CGNAT. Kutanthauza kuti adiresi imodzi mukugawana ndi anthu ena ambirimbiri, ndipo seva ya kunja ikafuna kukubweretserani kalata ilibe njira yofikira pa kompyuta yanu. Starlink nayonso pa mapulani ake wamba imagwiritsa ntchito CGNAT, ndiye kugula mbaleyo sikuthetsa vutoli.

Chikondi: Ndaona. Ikuyamba ndi 100.

Tadala: Ndiye ya mu ofesi yathera pomwepo, pokhapokha mutagula IP yokhazikika kwa okupatsani intaneti. Ndipo ngakhale mutaigula, pali mafunso ena awiri oti muwafunse. Loyamba, kodi port 25, khomo lomwe makalata amadutsira, ndi yotsegula mbali zonse? Maseva a imelo amalankhulana okhaokha pa port 25, palibe ina. Lachiwiri, kodi angakulembereni PTR, yoti munthu akafunsa IP yanu kuti ndiwe yani iyankhe dzina la seva yanu? PTR simungailembe nokha, amalemba ndi mwini IP. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, ndipo Gmail amafuna kuti aliyense wowatumizira makalata akhale ndi PTR yolondola, TLS yobisa kalata ikamayenda, komanso SPF kapena DKIM zotsimikizira kuti kalatayo yachokeradi kwa inu. Kuwonjezera apo, ma IP a m'nyumba ndi a mafoni ambiri ali kale pa mndandanda wotchedwa PBL wa Spamhaus, bungwe lolimbana ndi spam. Sikuti analakwa kanthu, koma ndi ma IP omwe sayenera kutumiza makalata mwachindunji.

Yusufu: Ine ndili kuno ku Nkhotakota, ndingowonjezerapo za magetsi. Kunyanja kuno timadziwana. Akathima m'mawa mwina abwera madzulo, ndipo mvula yoyamba ikagwa ndi mphezi marauta amapsa. Kumbukirani 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mdima tinauona miyezi yambiri. Kompyuta yakale, kutentha kwa Okutobala kwa ku Salima, fumbi, hard disk yotopa, ndiye muyikemo makalata onse a bizinesi ya munthu? Ine ayi.

A Kamwendo: Pamenepo a Yusufu ndiwongole pang'ono, chifukwa ambiri amaopa zomwe sizili choncho. Magetsi akathima, kalata yobwera sitayika. Seva yomwe ikutumiza imaisunga pa mzere n'kumayesanso. Malamulo a SMTP, njira yomwe maseva amatumizirana makalata, olembedwa mu chikalata cha RFC 5321, amati iyesebe kwa masiku anayi kapena asanu, ndipo Postfix, pulogalamu yotumiza makalata pa seva, mwachibadwa imadikira masiku 5 isanabwezere kalata kwa mwini wake. Imelo inapangidwa nthawi yomwe makompyuta sankalumikizana usana ndi usiku, n'chifukwa chake imapirira kuposa zinthu zambiri za pa intaneti.

Yusufu: Ndavomera akulu, kalata sitayika. Koma kasitomala amatayika. Mlendo ali ku Lilongwe Lachisanu masana, walemba kufunsa ngati chipinda chilipo Loweruka. Kalata yake yafika Lamlungu. Munthuyo wagona kale pa loji ya pafupi nanu.

A Kamwendo: Zimenezo n'zoona. Pa bizinesi ya alendo kuchedwa ndi kutaya ndalama.

Chikondi: Ndiye ndiwauze abwana kuti sizingatheke?

Tadala: Ayi, muwauze kuti sizingatheke mu ofesi. Seva yanuyanu mutha kukhala nayo, koma ikhale ya lendi ku data centre, yomwe amati VPS. Kumeneko magetsi sathima, IP ndi yanu nokha, ndipo eni IP amakulolani kulemba PTR nokha pa tsamba lawo. Chofunika kusamala ndi port 25 yomwe ija. Google Cloud amaitseka potuluka, AWS ndi DigitalOcean nawonso amaitseka. Hetzner amatseka poyamba, koma mutha kupempha kuti atsegule mukakhala nawo kanthawi ndi kulipira bilu yoyamba. Ndiye muwerenge malamulo awo musanalipire. Mukapatsidwa IP, chinthu choyamba muifufuze pa mindandanda ya ma IP oletsedwa, pa MXToolbox kapena pa Spamhaus penipeni. Ngati yemwe anali nayo kale ankatumiza spam, ibwezeni mutenge ina musanayike chilichonse.

Yusufu: Koma achemwali VPS imalipidwanso mu madola kapena mayuro. Vuto la khadi lija silinachoke.

Tadala: Silinachoke, langochepa. Kusiyana kwake n'koti simulipira pa mutu. Mabokosi akhale 5 kapena 40, mtengo wa seva ndi womwewo bola malo alipo. Ndipo ena amalola kulipiriratu miyezi ingapo nthawi yomwe khadi yadutsa.

Madalitso: Pepani kulowerera, ndine wophunzira, ndikufuna kumvetsa. Mu sevamo mumayikidwa chiyani kwenikweni? Ndimamva mayina ambiri.

A Kamwendo: Funsa mwana wanga, gulu ndi la zimenezo. Pali Postfix, yomwe imalandira ndi kutumiza makalata. Analemba ndi Wietse Venema ali ku IBM, inatuluka 1998 ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito pa maseva ambiri. Pali Dovecot, yomwe imasunga mabokosi n'kulola foni yako kuwerenga makalata kudzera pa IMAP, port 993. Foni ikafuna kutumiza imalowa pa 587 kapena 465 ndi dzina ndi pasiwedi. Kenako pali chosefera spam, Rspamd kapena SpamAssassin, ndi Roundcube kwa omwe akufuna kuwerenga pa browser. Satifiketi ya TLS umatenga yaulere ku Let's Encrypt, imakhala masiku 90 ndipo certbot imaikonzanso yokha. Zonsezi n'zaulere. Ukafuna zomangidwa kale pamodzi pali mailcow, Mail-in-a-Box ndi iRedMail. Mailcow imayenda pa Docker ndipo eni ake amati ipatse RAM ya 6 GB, ndiye VPS yake imakwerako mtengo. Mail-in-a-Box imafuna Linux ya Ubuntu yongoyikidwa kumene yopanda china chilichonse ndipo ndi yopepukirapo.

Koma ndikuuze chomwe anthu sakuuza msanga. Kuyika zonsezi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Kulandira makalata n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ndi yoti kalata yako ikafike mu inbox ya munthu, osati mu spam, ndipo pamenepo sungakakamize aliyense. Makampani akuluakulu ndi omwe amaweruza, ndipo sakuuza chifukwa chake.

Mayi Nambewe: Ana anga, ine za ma port sindizidziwa, ndimasunga mabuku a gulu lathu la alimi a mpunga kuno ku Lifuwu. Koma ndikufuna a Chikondi afunse chinthu chimodzi lero lomwe. Dzina la imelo la lojilo, lija limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @, linalembetsedwa m'dzina la ndani? Ife kuno mnyamata wina anatipangira webusayiti ndi imelo, zonse analembetsa m'dzina lake ndi nambala yake. Atapita ku Joni nambala inasiya kupezeka. Chaka chitatha dzina lija linafa, ogula mpunga ankalemba makalata akubwerera, ife osadziwa kanthu. Matumba tinali titasindikiza kale ndi adiresi imeneyo, mapepala a ku banki chimodzimodzi. Zinatipweteka kwambiri ndipo ogula ena sanabwerenso.

Tadala: Amayi mwanena mfundo yoposa zonse tanena ife. Seva ukhoza kuisintha tsiku lililonse. Ukangosintha MX, mzere wonena seva yolandira makalata ako, makalata ayamba kupita kwina. Koma domain, dzina lija la pambuyo pa @, ikakuthawa, zonse zapita. Achimwene Chikondi, domain ikhale m'dzina la loji, imelo yolandirira zikumbutso isakhale pa domain yomweyo, ndipo abwana akhale ndi pasiwedi yolembedwa pa pepala mu sefa. Ngati ndi ya .mw, oyang'anira ake ndi a Malawi SDNP, ngati ndi .com ndiye kuli ku kampani komwe inagulidwa.

Chikondi: Ndi ya .com. Anagula ndi munthu yemwe analipo ine ndisanabwere. Ndifufuza.

Mayi Nambewe: Fufuzani msanga mwana wanga, musadikire.

Chikondi: Tiyerekeze kuti domain ili bwino ndipo VPS ndapeza. Pa DNS, pomwe pamalembedwa kuti dzina la domain liloze ku seva iti, ndilembe chiyani, motsatana bwanji?

Tadala: Yambani ndi A, yoloza dzina la seva, monga mail kutsogolo kwa domain yanu, ku IP ya VPS. PTR iyankhe dzina lomwelo, ndipo Postfix izidzitchula dzina lomwelonso ikamapereka moni kwa maseva ena. Zitatuzi zikasiyana mumakayikiridwa. Kenako SPF, mzere umodzi wa TXT wonena maseva ololedwa kutumiza m'dzina la domain yanu. Wosavuta ndi v=spf1 mx -all, koma samalani: ngati webusayiti ya loji kapena pulogalamu ya ma booking imatumizanso makalata m'dzina la domain imeneyi, iyeneranso kulembedwamo, apo ayi makalata otsimikizira alendo ayamba kukanidwa. SPF ikhale imodzi yokha, osati ziwiri. DKIM ndi siginecha yomwe seva imadinda pa kalata iliyonse, kiyi wake wapoyera mumayika pa DNS, wa 2048 bits. Pomaliza DMARC, youza maseva ena chochita ndi kalata yolephera SPF ndi DKIM, muyambe ndi p=none kuti muzingolandira malipoti, mukaona kuti zonse zikudutsa bwino ndiye mukweze pa quarantine, yoti makalata okayikitsa azipita mu spam. MX musinthe pamapeto penipeni, mutayesa kale kutumiza ndi kulandira. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri tsitsani TTL, nthawi yomwe maseva ena amasunga zomwe awerenga pa DNS, ifike masekondi 300 kuti kusinthako kufalikire msanga. Makalata akale musamutse ndi imapsync, ndipo akaunti yakale musaitseke tsiku lomwelo.

Madalitso: Zonsezi zikakhala bwino ndiye kuti kalata ifika mu inbox?

A Kamwendo: Mwina. IP yatsopano ili ngati mlendo wofika pa doko la Chipoka kufuna usipa wa ngongole. Mapepala ake akhoza kukhala olondola, koma asodzi sakumudziwa. Amayamba ndi kugula pang'ono n'kumalipira, mpaka dzina lake limveke. Ndiye masabata oyamba tumizani makalata ochepa, kwa anthu okudziwani omwe ayankhe. Musatenge maadiresi onse a alendo a zaka zisanu n'kuwatumizira uthenga wa mitengo ya Khrisimasi pa seva yatsopano. Gmail amafuna kuti odandaula kuti kalata yanu ndi spam asafike 0.3%, kutanthauza anthu atatu pa 1,000. Kuli Google Postmaster Tools ndi SNDS ya Microsoft zoonera momwe akukuonerani, ngakhale kuti kwa wotumiza makalata ochepa nthawi zambiri sizionetsa zambiri.

Yusufu: Ndipo dzina lomwe mwalimanga pang'onopang'onolo limagwa usiku umodzi. Ndinaziona pa ofesi ina kuno. Wa ntchito mmodzi analandira kalata yonama yoti bokosi lake ladzaza, alowetse pasiwedi. Analowetsa. Pofika m'mawa seva inali itatumiza spam zikwizikwi, IP ili pa mindandanda, makalata a ofesi yonse akubwerera. Kuichotsa pa mndandanda kumafuna kudzaza mafomu ndi kudikira, ndipo panthawiyo abwana ali pakhosi pako. N'chifukwa chake ndimati ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi yemwenso akukonza printa ndi Wi-Fi ya alendo.

Tadala: Zotetezera zilipo. Muyike malire a makalata omwe bokosi limodzi lingatumize pa ola, Rspamd imatha zimenezo. Fail2ban izitseka ma IP oyesa mapasiwedi, chifukwa mukangotsegula seva muona mu ma log anthu akugogoda usana ndi usiku. Ndipo muyese kuti seva yanu si open relay, yolola aliyense wa kunja kutumizira ena kudzera mwa inu. Koma pa loji ine ndingachite chonchi: kulandira ndi kusunga pa seva yanu, kutumiza kudzera kwa ena. Mu Postfix ndi mzere wa relayhost ndi pasiwedi basi, kenako muwawonjezere pa SPF ndi DKIM. Amazon SES, Mailgun, SMTP2GO ndi ena amachita ntchito imeneyi, ndipo makalata a loji ndi ochepa moti mtengo wake ndi wochepa. Apo ndiye port 25 yotuluka simuifunanso, ndipo mbiri ya IP yotumizira akusamala ndi iwo.

Madalitso: Koma achemwali, ngati makalata akudutsabe kwa Amazon, ndiye kukhala ndi seva yathu kwatipindulira chiyani? Ine ndimaganiza cholinga n'kudziyimira patokha.

A Kamwendo: Funso limeneli limandikhudza ine kwambiri, ndiloleni nditalikitseko. Imelo ndi chinthu chimodzi mwa zochepa zomwe zatsala pa intaneti zopanda mwini. WhatsApp ili ndi mwini, Facebook ili ndi mwini, akatseka akaunti yako ulibe kolowera. Koma SMTP inalembedwa poyera mu 1982, ndipo aliyense wotsatira malamulo ake ali ndi ufulu wolankhula ndi seva ina iliyonse. Tikasiya tonse kuyendetsa maseva chifukwa n'kovuta, tsiku lina tidzapeza kuti imelo yatsala m'manja mwa makampani atatu kapena anayi, ndipo Mmalawi wodziwa momwe zimayendera palibe. Sukulu zathu, mipingo, makhonsolo, zipatala, makalata awo onse ali pa maakaunti aulere a anthu, munthu akachoka ntchito amapita nawo. Zimenezi zimandiwawa. Ndiye ine ndimafuna achinyamata ngati iwe Madalitso muphunzire zonse, mpaka kutumiza mwachindunji. Koma a Tadala sakulakwitsa. Makalata akakhala pa disiki yomwe kiyi wake uli nawe, ndipo domain ndi yako, wotumizira utha kumusintha madzulo amodzi. Sali mwini wako, ndi wa ganyu.

Yusufu: Kuphunzira aphunzire, koma pa domain yake. Gula domain yotchipa Madalitso, tenga VPS yaing'ono, uiphwanye, uikonze, uone ma log, utumizire anzako. Osaphunzirira pa ma booking a munthu amene akulipira antchito ndi ndalama zimenezo.

A Kamwendo: Apo tagwirizana a Yusufu.

Madalitso: Ndamva akuluakulu. Ndiyamba ndi Postfix ndi Dovecot pamanja kuti ndione mkati mwake.

Mayi Nambewe: Ndifunseko ine. Munthu woyendetsa seva ameneyu angathe kuwerenga makalata a anzake?

Tadala: Inde amayi, angathe. Pa seva zambiri makalata amakhala ngati mafayilo wamba, ndipo amene ali ndi root, akaunti yolamulira seva yonse, atha kutsegula lililonse. Abwana ndi antchito ayenera kuuzidwa zimenezi poyera. Komanso alendo amatumiza zithunzi za mapasipoti, manambala a foni, maumboni a ku banki. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, Data Protection Act, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndiye kusunga zinthu zotere ndi udindo pamaso pa lamulo. Achimwene Chikondi, mukatenga seva mwatenganso udindo umenewo. Kulowa mu seva muli kutali, pa SSH, kukhale kwa kiyi osati pasiwedi, ndipo ma update muziyika akangotuluka, makamaka a Roundcube chifukwa mabowo ake akapezeka akuba amawathamangira.

Chikondi: Nanga kompyuta yakale ija? Abwana adzafunsa ndithu.

A Kamwendo: Ili ndi ntchito yabwino kwambiri: backup. Igulireni hard disk yatsopano ndi UPS, batire loithandiza magetsi akathima. Usiku uliwonse izikoka makalata kuchokera ku VPS ndi rsync, kapena mugwiritse ntchito restic kapena borg zomwe zimabisa zomwe zasungidwa. Popeza ndi iyo ikuyamba kulumikiza kupita kunja, CGNAT siivuta, ndipo magetsi akathima ingokoka mawa lake. Kukoka koyamba kudya bandulo yambiri, kotsatira kumangotenga zatsopano. Mwezi uliwonse yesani kubwezeretsa bokosi limodzi muone ngati likutseguka, chifukwa backup yosayesedwa siidziwika ngati ilipodi. Ndipo khadi ikadzakana miyezi iwiri VPS n'kutsekedwa, makalata a loji adzakhala ali pa Senga Bay pomwepo.

Yusufu: Mulembenso zonse mu kope: VPS ili kuti, imalipidwa liti, domain imatha liti, mapasiwedi ali kuti. Ndipo pakhale munthu wachiwiri wodziwa kulowa. Inu mukadwala malungo kapena mukapita ku maliro kumudzi sabata yathunthu, satifiketi n'kufa, mafoni onse a pa loji ayamba kukana kutsegula imelo. Muwawerengere abwana nthawi yanu ngati ndalama. Akaona mtengo wonse, mwina asankha kampani ina ya imelo yotchipirapo yomwe imalola domain yanu, ndipo kusankha kumeneko sikolakwika.

Chikondi: Ndilemba njira zitatu ndi mitengo yake: kukhala komwe tili, kusamukira kotchipa, kapena VPS yotumiza kudzera kwa ena ndi backup mu ofesi. Asankhe okha. Ine mtima wanga uli pa yachitatu.

Chikondi: Ndabweranso. Ndafunsa ku akaunti za domain. Risiti ilipo koma ili m'dzina la munthu uja anachoka, ndipo zikumbutso zikupita ku imelo yake. Ikutha mwezi wa mawa.

Mayi Nambewe: Mayo ine. Nambala yake ilipo?

Chikondi: Ilipo amayi, akuti ali ku Dwangwa, anasiyana ndi abwana bwinobwino.

Tadala: Ndiye za seva ziyambe zaima. Muimbireni lero. Choyamba ailipire chaka china isanathe, loji imubwezere ndalama. Kenako loji itsegule akaunti yakeyake, iye atsegule loko wa domain n'kukupatsani EPP code, pasiwedi yosamutsira domain, kuti muisamutse. Asanasinthe dzina la mwini pa akaunti yake mufunse kaye ku kampani komwe domain inagulidwa, chifukwa makampani ambiri akasintha zimenezo amatseka kusamutsa kwa masiku 60. Musanakhudze kalikonse jambulani zonse zomwe zili pa DNS panopa, mzere uliwonse, kuti webusayiti isagwe posamuka.

Yusufu: Dwangwa ndi pafupi ndi ine. Ngati akufuna womuthandiza pa kompyuta nditha kukafika, mundiuze tsiku.

A Kamwendo: Loweruka masana ndili ku Kamuzu Road. Chikondi bwera ndi laputopu tiwerengere limodzi mitengo ija, Madalitso nawenso ubwere tiyike Postfix pa domain yako.

Chikondi: Zikomo nonse. Ndamuimbira, sanayankhe, ndamusiyira uthenga. A Yusufu ndikudziwitsani akangoyankha.